Nyimbo za Kuseri kwa Chigayo

Ufa ukangotuluka kumene m'chigayo umakhala wofunda, ndipo umakhala ndi fungo lomwe ufa wa m'nyumba ulibe, fungo la chimanga chopserera pang'ono losakanikirana ndi dizilo ndi lamba wotentha. Ababa ankabwera nalo fungo limeneli kunyumba tsiku lililonse. Linkakhala m'juzi mwawo, m'chipewa chawo cha ulusi, ngakhale m'buku lawo la mapemphero. Anayamba ntchito pa chigayo cha kwathu, kufupi ndi Kasina, ine ndisanabadwe, ndipo madzulo ankafika nsidze zili mbuu ngati nkhalamba pamene anali adakali munthu wamphamvu zake.

Dzina lawo ndi a Damiyano. Ankalankhula mokweza kwambiri, moti alendo ankawayesa aukali, koma zoona zake zinali zoti injini inawadya makutu pang'onopang'ono. Ukafuna kuwauza kanthu unkayenera kuima patsogolo pawo kuti akuone pakamwa. Ana a m'mudzi anawapatsa dzina loti a Mwati, chifukwa chilichonse chimene unganene ankayamba ayankha kuti, "Mwati?" Ine kusukulu ndinali mwana wa a Mwati, ndipo dzinalo linkandiwawa kuposa chikwapu cha aphunzitsi. Ku tchalitchi ababa ankangogwedeza milomo, mawu osatuluka. Ndinafika zaka khumi ndi chimodzi ndisanawamvepo akuimba, ngakhale mluzu.

Chaka chimenecho chisanu chinayamba msanga. M'mawa nkhungu inkatsika kuchokera ku Chongoni n'kuphimba minda yonse, mapesi ali tonyowa, ndipo milomo yathu inkang'ambika mpaka kutuluka magazi. Loweruka lina m'mwezi wa Juni ndinaperekeza amayi kumsika wa kumsewu waukulu kukagulitsa kachewere. Tinali pafupi kufika pamalo pathu pamene tinadutsa pa sitolo ya a Idrisa, bambo wina wachisilamu amene ankakonza mawailesi ndi kulowetsera anthu nyimbo m'mafoni. Pakhonde pawo panali sipika yaikulu, ndipo anyamata a kabaza anali ataunjikana pamenepo, manja m'thumba, akumvetsera.

Sizinali nyimbo zovina. Gitala inkalira mokhadzula ngati munthu akukoka lata pamwala, ng'oma zinkamveka ngati akuimbira m'chipinda china, ndipo pansi pa zonsezi panali kaphokoso kosalekeza konga mvula yowaza padenga. Koma pamwamba pake panali mawu a mnyamata, opyapyala, osathamanga, akuimba za mlongo wake amene anakwatiwa ku Lobi ndi njira yamatope yopita kumeneko. Nyimbo itatha, wina m'sipikamo anatsokomola, wina n'kuseka, ina n'kuyamba.

Amayi anaima chilili. Sankatula katundu asanafike pamalo pake, koma tsiku limenelo anati, "Lusiya, tanditula." Dengu litafika pansi anapukuta manja pachitenje nthawi yaitali, kenako anati, "Amene akuimbawo ndi abambo ako."

Ndinaseka, chifukwa ndinkayesa nthabwala. Koma a Idrisa anali atamva, ndipo anatuluka chitsulo chowotcherera mawaya chidakali m'manja. Anati anafunsa msika wonse ndipo panalibe amene ankadziwa anthu amenewa. Sitoloyo anawasiyira ndi malemu bambo awo, ndipo pamene ankakonza denga lodontha anapeza katoni ya makaseti m'siling'i. Ambiri anali atawola, ena makoswe atatafuna, koma atatu anali amoyo. Anaika imodzi m'wailesi yakale kuti angoona, anamvera mbali zonse ziwiri osadzuka pampando, ndipo anaisamutsira m'kompyuta. Kuyambira pamenepo anyamata ankabwera ndi mamemori khadi kufuna nyimbo zomwezo. Anatisonyeza chikuto chake, kapepala kachikasu kolembedwa pamanja: gulu linali Dzimbiri, kasetiyo inali Kuseri kwa Chigayo, ndipo m'munsi munali maina atatu, Damiyano, Koloneliyo ndi Faustino.

Pobwerera amayi anandiuza zonse, akuyenda patsogolo panga osacheuka. Anyamata atatuwo ankajambula Lamulungu Misa ikatha, chigayo chili chotseka, pogwiritsa ntchito batire ya galimoto ndi wailesi yobwereka kwa mphunzitsi wina. Sipika ya gitala anaichotsa m'galimoto yakufa n'kuiika m'ndowa. Ng'oma anakunga okha ndi zikopa za mbuzi. Amayi, adakali mtsikana, ankakhala pathumba la gaga n'kumaonerera, ndipo kuseka kuja ndinamva m'sipika kunali kwawo. Kasetiyo itatuluka anthu anati sinali ya kutchalitchi, sinali ya paukwati, inali chabe phokoso ngati la chigayo chomwe chija. Anakaisiya kusitolo ija, palibe amene anaifuna. A Koloneliyo anadwala n'kumwalira, a Faustino anapita ku Joni osamvekanso, ndipo ababa anagulitsa gitala n'kupempha ntchito pa chigayo chomwecho.

Lamulungu la sabata yotsatira a Idrisa anabwera kwathu pa njinga yamoto. Anakhala pampando wa pakhonde, analandira tiyi, kenako anatulutsa foni ndi timawaya tomvera m'makutu. Ababa anayang'ana kapepala kachikasu kaja nthawi yaitali asanavomere kuti awaike timawayato. A Idrisa anakweza mawu mpaka pothera, moti ine ndinkamva bwinobwino ndili pansi pa mtengo wa pichesi. Ababa anapendeketsa mutu, anatseka maso, anadikira.

"Ng'oma za Koloneliyo ndikuzimva patali," anatero ndi mawu awo aakulu aja. "Nanga gitala simunaike?"

Amayi analowa m'nyumba ngati aiwala kanthu pamoto. A Idrisa anayandikira n'kufotokoza pang'onopang'ono, akusonyeza ndi manja, kuti munthu wina wa pa wailesi anamva nyimbozo ndipo ankafuna kuti ababa adzaimbe pakhonde la sitolo Loweruka lomaliza la Julayi. Gitala ndi ampulifaya, bokosi lokweza mawu, adzabwereka a Idrisa eniake. Ababa anachotsa timawaya tija, anatikulunga bwinobwino, anatibweza ndi manja awiri, n'kunena kuti zikomo koma ayi.

Ayi ameneyu ndi amene anandipweteka. Sabata yonse ndinali nditauza aliyense kusukulu kuti nyimbo ya kumsika ija anaimba ndi ababa, ndipo ena anali atayamba kundiyang'ana mwina. Ndinawapempha ababa ndili patsogolo pawo, anatembenuza nkhope, zomwe kwa iwo kunali kutseka makutu. Ndinanyanyala masiku atatu. Ndikawapititsira chakudya ku chigayo ndinkangoika pakhomo n'kubwerera. Tsiku lachinayi ndinalemba ndi chala pafumbi la ufa lomwe linali pachitseko chachitsulo kuti, Muimbe ababa. Madzulo ake, akusamba m'manja, anati, "Ukawauze a Idrisa abwere nayo gitalayo. Koma makutu akhala ako."

Ndiye tinayamba. A Idrisa anandibwereka foni yakale yokhala ndi nyimbo zonse zisanu ndi zinayi, ndipo ndinaziloweza mpaka kutsokomola komwe. Injini ikazima cha m'ma faifi, tinkapita kuseri kwa chigayo kumene khoma linkatchinga mphepo. Ababa ankakhala pa diramu yadizilo, ine pamwala, mapazi anga atauma ndi kuzizira. Dzuwa linkalowa msanga, ndiye tinkangokhala ndi ola limodzi, mwinanso osakwana.

Kuchuna kokha kunkadya theka la nthawiyo. Iwo ankapotokola kachitsulo, ine ndikumvetsera pafoni, n'kuloza m'mwamba kapena pansi. Ankapitirira, ndiloze pansi, apitirirenso, mpaka tsiku lina nsambo inaduka n'kuwatema pachala. Kenako anapeza nzeru yawoyawo. Ankaluma mutu wa gitala ndi mano, n'kukhwacha nsambo, amvekere kuti ikulira m'chigaza. Ndinkachita manyazi kuwaona choncho, bambo wamkulu akuluma thabwa ngati mbuzi, ndipo ndinkayang'anayang'ana kunjira kuopa kuti wina adutsa.

Zala zawo zinali zisanaiwale. Sabata yoyamba zinkapunthwa, koma yachiwiri zinayamba kuyenda zokha, zala zomwezo zong'aluka ndi lamba, ndipo nthawi zina ndinkasiya kupuma chifukwa zinkafanana ndendende ndi za m'kaseti. Vuto linali mawu. Akangotsegula pakamwa, zonse zinkagwa. Ankayamba pamwamba kwambiri, kenako mawu ankatsetsereka pang'onopang'ono mpaka kusiyana ndi gitala, iwo osadziwa kanthu. Mawu opyapyala aja kunalibenso. Kunali mawu omwe ankaitanira azimayi kuti abweretse matumba awo pa sikelo. Ndinkakweza dzanja, atsike, nditsitse dzanja, akwere. Ankandiyang'ana, n'kuyambiranso, n'kulakwitsa pamalo pomwe paja.

Anthu odutsa pa njira yopita kudambo ankamva. Lolemba lina mtsikana wa m'kalasi mwathu anandifunsa pagulu ngati kuchigayo tayamba kuweta ng'ombe. Madzulo ake ababa analakwitsa mzere umodzi kasanu ndi kawiri. Ndinaimirira, ndinawagwira patsaya kuti andione bwino pakamwa, n'kunena kuti, "Simukumva, ababa. Simukumva chilichonse." Anandiyang'ana, anapukuta nsambo ndi kansalu, anati, "Tiyambirenso."

Kuyambira tsiku limenelo ndinatopa. Ndinasiya kukweza dzanja. Akamaliza nyimbo n'kundiyang'ana, ndinkangogwedeza mutu kuti zili bwino, kuti tipite kunyumba ndikaothe moto. Amayi anandifunsa kamodzi mmene zinthu zinkayendera, ndinati zikuyenda. Usiku ndisanagone ndinkapemphera kuti tsikulo kudzagwe mvula ya mwera, kapena magetsi adzazime kumsika, kapena munthu wa pa wailesiyo adzadwale. Koma kupita kwa ababa kukanena kuti tisiye sindikanatha, chifukwa amene anayambitsa zonsezi ndinali ine.

Loweruka lija kunacha bwino, kumwamba kuli mbee. Ababa anavala jekete la ukwati wawo ndipo amayi anawatsuka tsitsi kawiri kuti ufa uchoke. Titafika masana, pakhonde la sitolo panali anthu ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Anyamata a kabaza anandanditsa njinga zawo, azimayi anasiya milu ya tomato kwa ana, ndipo amuna ena otuluka kumzikiti anaima chapatali. Munthu wa pa wailesi anali mnyamata wamagalasi, waulemu, amene anagwira ababa chanza ndi manja awiri n'kunena kuti kaseti yawo inali patsogolo pa nthawi yake. Ababa anati, "Mwati?" ndipo anthu ena anaseka.

Anawakhazika pampando pafupi ndi ampulifaya yaing'ono, mmene munalumikizidwa gitala ndi maiki. Asanayambe, ababa anavula nsapato yakumanja n'kutsamiritsa phazi pa bokosilo. Sokosi yawo inali yobooka pachala chachikulu. Ine ndinakhala pansi patsogolo pawo, monga tinagwirizana, kuti azindiona.

Anayamba ndi gitala yokha. Aka kanali koyamba kuimva itadutsa m'magetsi, ndipo inalira ndithu mokhadzula muja, moti msika unakhala chete mpaka kumene amagulitsira nyama. Mnyamata wina wa kabaza anavula chipewa. Ndinayang'ana amayi, anali atagwira pakamwa ndi chitenje. Kwa kanthawi kochepa kameneko ndinakhulupirira kuti zitheka.

Kenako anatsegula pakamwa. Maiki inatenga mawu awo aakulu aja n'kuwaponya mpaka kutsidya kwa msewu, opotoka, osiyana ndi gitala. Mwana wina anaseka, amake anamutsina. Anyamata anayang'anizana, ena anayang'ana pansi. Ababa anamaliza nyimbo yoyamba, anthu anaomba m'manja mwaulemu, ngati mmene amaombera mlendo akalankhula motalika. Ndinaona wa pa wailesi uja akunong'oneza a Idrisa. A Idrisa anapukusa mutu kawiri, kenako anagwetsa mapewa n'kulowa m'sitolo.

Nyimbo yachiwiri inali ya ku Lobi ija. Ababa atangoyamba, kanyali kofiira ka pa ampulifaya kanazima, ndipo m'sipika yaikulu ya sitolo munatuluka kaphokoso ka mvula kaja, ng'oma za a Koloneliyo, ndi mawu a mnyamata. Anthu anakuwa ndi chimwemwe. Amene anali kumbuyo sanadziwe n'komwe chimene chachitika. Amene anali kutsogolo anadziwa, koma anasankha kuyang'ana kumbali n'kumaimba nawo. Ababa anapitiriza kukhwacha gitala yosalira ndi kuimbira m'maiki yakufa.

Ndinafuna kudzuka, kukazula waya wa sipikayo, kuwakalipira onse. Koma ababa ankandiyang'ana, ndipo manja awo anali atayamba kutsalira kumbuyo kwa kaseti. Ndiye ndinakweza dzanja n'kuyamba kuwamenyera nthawi ya m'kasetimo, kuti manja awo azigwirizana ndi zimene anthu ankamva. Ananditsatira bwinobwino, kuposa tsiku lina lililonse la kuseri kwa chigayo. Tinayenda choncho nyimbo zinayi. Pa yomaliza ndinachedwa kutsitsa dzanja, kaseti inatha iwo adakali pakati pa liwu, ndipo mawu awo enieni anamveka okha, aakulu ndi opotoka, kwa kamphindi. Kenako m'manja munaphimba zonse.

Anthu anawazungulira. Ena anawajambula ndi mafoni, mayi wina anawapatsa kabichi, wa pa wailesi analankhula mawu ambiri m'kachipangizo kake. A Idrisa anabwera kwa ine osati kwa iwo, anagwada kuti tilingane, anati, "Pepani, mwanawe. Sindinafune kuti awaseke." Ndinawabwezera foni yawo n'kutembenuka.

Tinabwerera wapansi dzuwa likupendeka. Ababa anali patsogolo, jekete paphewa, kabichi m'khwapa, amayi pakati, ine kumbuyo ndikumenya miyala ndi phazi. Ndinali wokwiya ndi a Idrisa, ndi wamagalasi uja, ndi anyamata omwe ankakonda mawu a m'kaseti koma osati mwini wake, ndi amayi omwe sananene kanthu. Ndinali wokwiya ndi ababa chifukwa chosazindikira. Titafika pa kamlatho ka mitengo anacheuka n'kufunsa, "Zinali bwanji, Lusiya?" Ndinaima pamene akanandiona pakamwa, ndinati, "Zinali bwino, ababa." Anagwedeza mutu n'kupitiriza ulendo.

Lolemba anabwerera ku chigayo. Gitala inabwezedwa kwa mwini wake. Nyimbozo zinamveka kumsika mpaka mvula yoyamba, kenako zinabwera zina. Kusukulu ndinakhalabe mwana wa a Mwati. Za ampulifaya ija sindinauze munthu, ndipo ndinkaopa kuti tsiku lina woledzera wina adzawaululira ababa pamaliro kapena pa sikelo. Ndinakula nacho chinthu chimenechi mumtima, ndinapita nacho kusekondale, ndinapita nacho kukoleji ya uphunzitsi.

Chaka chatha ndinapita kumudzi patchuthi. Ababa anapuma ntchito, ndipo tsopano samva ngakhale bingu, moti timacheza polemberana m'kope. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma ndinatenga cholembera n'kulemba zonse, kuti tsiku lija anawazimitsira ampulifaya, kuti anthu ankaombera kaseti, kuti ine ndinathandiza nawo kuwanamiza. Anawerenga pang'onopang'ono chala chili pamzere, kenako anabweza kopelo.

"Ndinadziwa pa nyimbo yachiwiri," anatero. "Bokosi linasiya kunjenjemera kuphazi."

Ndinalemba kuti, nanga bwanji simunasiye?

"Anthu aja ankaombera anyamata atatu. Wina ali kumanda, wina sitidziwa kumene ali. Panafunika mmodzi akhale pampando paja alandire." Anachotsa kamwala m'nyemba n'kukaponya pabwalo. "Komanso iwe unkamenya dzanja mwakhama. Ndikanasiya ukanalira pagulu."

Ndili mwana ndinkadziwa kuti msika wonse unanamiza munthu wosamva, ndipo kuti ine ndekha ndi amene ndinatsala kuwateteza kuti asadziwe. Tsopano ndine wamkulu kuposa mmene analili mnyamata wa m'kaseti uja, ndipo ndikakumbukira masana amenewo ndimaona bambo amene ankadziwa zonse, akutsatira dzanja la mwana wake nyimbo zinayi zathunthu, n'kukhala chete zaka zonsezi kuti mwanayo asadziwe kuti iwo ankadziwa.